Katemera wa Ulendo wa ku Joni

Lufina wa ku Bwanje anabayitsa katemera wa korona kuti apeze chiphaso chopitira ku Joni, kumene mwamuna wake Yoramu anali atakhala zaka zinayi akugwira ntchito pafamu. Namwino anamuuza kuti mkono ungawawe ndipo thupi lingatenthe masiku awiri, koma pachifuwa pakapweteka abwerere msanga.

Tsiku lachitatu pachifuwa panayamba kubaya. Anakwera kabaza kuthamangira kuchipatala, akuopa kuti ulendo wake wafera m'mazira.

Dokotala anamvetsera mtima ndi mapapo, kenaka anadina panthiti. Lufina anakuwa.

"Mukubanika, mayi? Ululu ukufika kumkono kapena kunsagwada?"

"Ayi, pokhapo mwagwirapo."

"Mwanyamula chiyani sabata ino?"

"Matumba a mpunga. Abambo akunyumba ali kutali, ndimasenza ndekha."

"Mwaupweteka mnofu, mtima uli bwinobwino. Koma mukayamba kubanika mubwerenso."

Pobwerera anatsika pachitunda pamene netiweki imagwira, n'kuimbira Yoramu. Foni inaitana mpaka kuduka yokha. Ankadziwa kuti nthawi imeneyo amakhala ali m'munda wa azungu, komabe anakhala pamwala n'kuimbanso kachiwiri.