Fulemu ya pepo

Thabwalo linabwera ndi a Morris, kalaliki wa ku Zomba amene ankagwira ntchito pa kampani ina m'tauni. Ankati analisiya mzungu wa misewu, ndipo linachokera kutsidya kwa nyanja, ku Amereka. Yona Longwe, mmisiri wa matabwa wa ku Chiputula, kumpoto kuja, analinyamula namva msana kulira. Si mbawa, si mlombwa, kulemera ngati njanji.

“Fulemu ya chithunzi cha Mtsogoleri,” anatero a Morris. “Atcheyamani a chipani adzaipachika okha potsegulira ofesi yatsopano. Penti ayi, a Longwe. Thabwa lakunja lizioneka lokha.”

Linamuzunza thabwa limenelo! Sowo inabuntha, misomali inkapindika ngati udzu. Koma atalipala linatuluka lokongola, lofiirira ngati tiyi wamkaka. Yona anaiyimika fulemuyo pakhonde, n'kumayendayenda monyadira kuti anthu odutsa aione.

Tsiku loipereka litafika, mkazi wake Hilda ndiye anayamba kukuwa.

“Mwe adada! Mwaichita vichi fulemu ya eni? Mwaitani kodi?”

Yona anatuluka. Fulemu yonse inali itasanduka pepo. Pepo weniweni, uja ansembe amavala akamaika maliro. Ndiye muganize: nkhope ya Mtsogoleri mkati, mtundu wa maliro kuzungulira. Masiku amenewo munthu ankasowa chifukwa chongofunsa zaka za mkuluyo, nanga womulira ali moyo?

Anaithamangitsira m'shedi. Kuseri kwake, kumene kunatsamira khoma, kunali kofiirira bwinobwino. Apo ndi pamene anazindikira kuti ndi dzuwa limene lasintha mtunduwo.

“Ipakeni penti,” Hilda ananong'ona.

“Akana.”

“Ndiye nenani kuti yathyoka.”

“Fulemu ya Mtsogoleri yathyoka m'manja mwanga? Mukufuna mukhale wamasiye lero lomwe?”

Anatenga puleni yopalira matabwa. Pepo yense anagwa pansi ngati makoko a mbatata, mtundu wa tiyi uja n'kubwerera. Hilda anasesa zopalazo n'kukaziponya pamoto. Koma Yona sanapume. Thabwa silinachire, langobisa matenda. Anaikulunga fulemuyo m'bulangete, nakwera njinga akupemphera kuti akaipachike pamdima, kuseri kwa chitseko, kumene ngakhale ntchentche sifika.

Ku ofesi anapeza amayi akuvina, anyamata a chipani ataima pakhomo n'kumayang'ana makadi a umembala. A Morris analowetsa chithunzi chija m'fulemumo mwachimwemwe. Atcheyamani, bambo wamfupi wa mawu aakulu, anaisisita fulemuyo ndi chala.

“Iyi ndiye ntchito! Ndani akuti kumpoto kulibe amisiri?”

“Yewo chomene, bwana,” anatero Yona pothokoza. “Koma thabwali limakonda mthunzi. Mwina mkatimo, m'kanjira kolowera...”

“Mthunzi?” Atcheyamani anamuyang'ana, ng'oma n'kukhala ngati zaleka. “Mukufuna kubisa Mtsogoleri, adada?”

“Ayi, bwana! Ayi ndithu.”

“Eya.” Analoza khoma loyang'anizana ndi windo lalikulu, pamene dzuwa linali phwii. “Apo. Khomani msomali nokha.”

Yona anakwera pampando, nakhoma. Anthu anaomba m'manja, amayi n'kululuta. Akutsika, atcheyamani anamugwira paphewa mwachikondi.

“Dzina lanu ndani, ndipo mumakhala pati? Mmisiri wotere sitingamuiwale.”