Kangowe ka Dzanja Limodzi

Amayi anga sanatulukepo pakhomo khosi lili pamtunda. Ngakhale kokagula machesi pagolosale, ankayamba avala kaye mkanda wawo wa mizere isanu, wabuluu wosakaniza ndi woyera, umene anatunga okha ine ndisanabadwe. Ndiye sitiroko itawagwira, n'kuwapha dzanja lamanja ndi kuwalemetsa mwendo, anachoka kuchipatala, n'kulowa m'nyumba, osatulukanso. Miyezi itatu yathunthu dzuwa ankangolionera pazenera.

Adokotala a mafizo, aja ophunzitsa odwala kuyendanso, sanandibisire. Anati, "Mwendo uwu ukufuna msewu. Kuchoka pabedi kupita pampando si kuyenda ayi. Akakhala chonchi miyezi ina iwiri uuma, ndipo muzidzawanyamula mpaka kalekale."

Nditawauza amayi, anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

"Ndituluke khosi lili chonchi?"

"Ndikuvekani ine, amayi. Imeneyonso ndi nkhani?"

"Sindine chidole," anatero, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. "Ukundisambitsa, ukundimanga mabatani, ukundidulira chakudya ngati khanda. Ichi chokha undisiyire. Tsiku limene ndidzakoloweke mkanda ndekha, ndidzatuluka."

Amene amawadziwa amayi anga akudziwa kuti akanena chinthu ndiye chatha. Ukhoza kulira, ukhoza kuwaitanira abale onse, iwo amangoyang'ana kukhoma mpaka utope wekha.

Ntchito yathu ndi ya mikanda. Kachipinda kakumbuyo ndiye shopu yathu: tebulo lalitali pansi pa zenera, mabotolo a mikanda pashelefu, waya wa kopa wokulungidwa pamsomali, kahamala, tupa, ndi mapulayala atatu amene zogwirira zake zinachita kusalala ndi manja a amayi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri takhala mmenemo, ine kutunga, iwo kupanga zokolowekera. Pulayala sankandilola kuigwira. Ankati ndili ndi manja aphuma, ndimam'luma waya ngati tinayambana. Mwina sankanama.

Chokolowekera cha mkanda wa mizere isanu si kangowe wamba. Umatenga waya, n'kumuzunguliza pamsomali kasanu kuti patuluke timaso tisanu tondondozana, diso lililonse la mzere wake. Ukatero umakweza nsonga ya wayayo, n'kuipinda kukhala kangowe. Mbali inayo timaso tisanunso, koma pamwamba pake pamakhala mphete yolowamo kangoweko. Ukamaliza umamenya ndi hamala pachitsulo kuti waya alimbe, n'kupala nsonga ndi tupa kuti isakande munthu. Diso limodzi likangokula kuposa anzake, mizere imakwerana pachifuwa, mkanda wonse n'kuoneka ngati wotola. Ndipo amayi anali ndi lamulo lawo: chokolowekera chimakhala kumbuyo kwa khosi, chaching'ono, chosaoneka.

Cha pamkanda wawo chinali ngati chikhadabo cha mwana. Ndi manja awiri chinkalowa bwinobwino. Ndi dzanja limodzi, lamanzerenso, kumbuyo kumene maso safika, sichikanatheka ngakhale utasala kudya.

Achimwene anga ndi amene anayamba kubwera ndi nzeru. Iwo ndi dalaivala wa lole, ndiye vuto lililonse amaliona ngati nkhani ya sipeya ya galimoto. Anatulukira ndi chokolowekera cha maginito chogula m'tauni, mano onse pamtunda. Ndinachimangirira. Amayi anaponya mbali imodzi pakhosi, n'kuyandikitsa inayo, zinagwirana zokha, ife m'manja phuphuphu. Atangodzuka kuti agwire ndodo, mkanda uja pansi khu. Mikanda yagalasi mizere isanu ndi yolemera, kamaginito sikakanaikwanitsa. Mzere umodzi unaduka, ndipo masana onse ndinathera kukwawa pansi pa mipando, kutola timikanda tabuluu kamodzikamodzi.

"Ndiye ingoutalikitsa, azingoulowetsera kumutu," anatero achimwene.

"Ngati chingwe cha mbuzi," anayankha amayi. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Basi, ndinalowa m'kachipinda kaja n'kugwira pulayala imene ndakhala ndikukanizidwa moyo wanga wonse. Ndinaganiza kuti ndisamavutitse amayi ndi zinthu zosayesa, ndiye chilichonse ndinkayamba ndachiyesa pa ine ndemwe. Dzanja lamanja ndinkalilowetsa m'thumba la epuloni, n'kuima pagalasi, n'kukoloweka ndi lamanzere. Choyamba chinakana. Chachiwiri ndinakulitsa mphete, chinalowa nditalimbana nacho kanayi. Chachitatu chinalowa kamodzi n'kamodzi, ndipo ndinathamangira nacho pabalaza ngati mwana wakhoza mayeso.

Amayi anaponya mkanda pakhosi, n'kukweza kangowe kupita nako kumbuyo. Mbali ya mphete inatsetsereka n'kugwera pachifuwa. Anayambiranso. Inatsetserekanso. Kachisanu, thukuta lili pamphuno, anausiya pamiyendo.

"Kangowe kako n'kakafupi."

Ndinapanga kakatali.

"Kakundizula tsitsi."

Ndinakapinda pang'ono, n'kukapala mpaka kusalala ngati supuni. Iwo sanakayese n'komwe. Anakabweretsa pafupi ndi maso, n'kukapapasa ndi chala chachikulu.

"Pulayala yasiya mano pawaya. Ukufuna anthu aziti zimenezi unaphunzira kwa ine?"

"Kumbuyo kwa khosi akaona ndani, amayi?"

"Ine ndikudziwa kuti manowo alipo."

Abale inu, waya ndi chinthu chamakani. Ukam'pinda kawiri pamalo amodzi amauma, kachitatu amathyoka, ndipo amathyokera pa diso lachisanu, utapanga kale anayi olingana bwino. Zala zanga zinatuluka matuza, matuza n'kuphulika, n'kutulukanso ena pamwamba pake. Kachitini ka pansi pa tebulo kanadzaza ndi zidutswa. Makasitomala ankagogoda, ine n'kuwauza kuti abwere sabata yamawa. Masabata atatu anatha chonchi. Pamene ine ndinkapinda waya, pabalaza ndinkamva silipasi ya amayi ikukwekwereza pansi, ndipo tsiku lililonse inkakwekwereza motalikirapo.

Ndisaname, ndinapsa mtima. Ndinapsera mtima waya, ndinapsera mtima adokotala, ndinapsera mtima achimwene amene ankangobwera Loweruka kudzamwa tiyi. Koma chimene chinkandiwawa kwambiri n'choti pa ine chinkatheka. Ine, munthu wa dzanja lamanja chibadwire, ndinkakoloweka ndi lamanzere nditatsinzina. Nanga iwo, mmisiri wa zaka zonsezi, chinkawakanika n'chiyani? Ndinayamba kuganiza kuti akuchitira dala.

Chachisanu ndi chiwiri chitagweranso pamiyendo yawo, ndinalephera kudzigwira. Linali Loweruka, achimwene ali pampando wa pakona ndi kapu yawo.

"Amayi, mukuchitira dala."

Anatembenukira kukhoma.

"Mukuchitira dala, ndikunenetsa. Palibe cholakwika ndi ichi. Taonani."

Ndinautsomphola mkandawo, ndinaima patsogolo pawo, dzanja m'thumba, n'kuuponya pakhosi. Kangowe kanalowa nthawi yomweyo. Ndinatambasula dzanja lamanzere ngati wamatsenga wamaliza masewera.

"Tabwereza," anatero achimwene.

Ndinabwereza. Iwo anaika kapu pansi, n'kubwera kuseri kwanga.

"Chemwali, ukubera. Phewa lakoli likukuthandiza."

"Phewa liti? Dzanja lili m'thumba, simukuona?"

Anasanjika dzanja lawo lolemera lija paphewa langa lamanja, n'kulikanikizira pansi. "Yesa tsopano."

Ndinaponya mkanda. Mphete inatsetsereka n'kugwera pachifuwa. Ndinayesanso, chimodzimodzi. Kachitatu ndinamva ndekha phewa likulimbana ndi dzanja la achimwene, likufuna kukwera. Ndiye kuti nthawi zonsezi, ndikamakweza kangowe, phewa linkadzuka lokha n'kupanikiza mbali ya mphete kukhosi kuti isasunthe. Pagalasi sindinkaliona chifukwa maso anali pa dzanja. Phewa la amayi linafera limodzi ndi mkono. Masabata atatu ndakhala ndikupangira chokolowekera munthu wa mapewa awiri.

Manyazi amene anandigwira, ndinalakalaka pansi patang'ambika. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo.

"Pepani, amayi."

"Ukamaliza waya wanga yense udzapepesere limodzi," anatero, maso ali kuzenera.

Lolemba m'mawa ndinakhala patebulo osagwira kanthu. Ndinadzifunsa kuti, pathupi la amayi chatsala n'chiyani chimene chingagwire mbali inayo? Mkono ayi, phewa ayi. Chibwano. Akaweramitsa mutu, chibwano chikhoza kupanikiza mphete pachifuwa. Koma zimenezo zinkatanthauza kuti chokolowekera chibwere kutsogolo, pamene aliyense angachione, ndipo lamulo lawo lija lithyoke.

Inali ntchito yoyambira pachiyambi. Mizere isanu silingana kutalika, uliwonse umaposa unzake ndi chala chimodzi kuti igone mondondozana. Ukasuntha chokolowekera, pakati pa mkanda pasunthanso, ndiye mikanda ikuluikulu ya pachifuwa imakathera kukhutu. Ndinadula mizere yonse n'kutunganso, masiku awiri. Ndinatenga waya wonenepa, n'kupanga mphete yaikulu ngati chitsekerero cha botolo, yopindika pang'ono kuti iziima yokha osagona pakhungu. Kukamwa kwa pulayala ndinakulungako pulasitala kuti isasiye mano. Timaso ndinapanga kanayi konse mpaka tonse khumi tinalingana. Popeza chinali choti chizioneka, nsonga ya kangowe ndinaizunguliza ngati chigoba cha nkhono. Poyesa, ndinadzimangirira phewa kumpando ndi lamba amene achimwene anandisiyira. Wina akanasuzumira pazenera akanati mutu wanga wasokonekera.

Lachisanu, titamwa tiyi, ndinawaikira mkanda pamiyendo.

"Chokolowekera kutsogolo?" anatero. "Unazionera kuti zimenezi?"

"Mphete muipanikize ndi chibwano. Ingoyesani, amayi."

Ndinakhala pampando n'kukhalira manja anga onse awiri, chifukwa ndinkadziwa kuti ndikawasiya athamangira kukathandiza. Amayi anaponya mkanda pakhosi. Anaweramitsa mutu, chibwano chinagwira mphete. Dzanja lamanzere linakwera ndi kangowe. Kanaphonya. Kanaphonyanso, n'kukanda khungu. Ndinaluma mlomo. Kachitatu ndinamva kaphokoso kakang'ono ka waya kugunda waya. Anadzutsa mutu, ndipo mizere isanu inagwa pachifuwa, uliwonse pamalo pake.

"Galasi," anatero.

Ndinawagwirira galasi. Anayang'ana nthawi yaitali. Anapapasa kangowe ndi chala chachikulu, kutsogolo ndi kuseri, kufunafuna mano a pulayala. Anakoka mkanda kuti aone ngati ungamasuke. Anawerenga timaso kamodzikamodzi, n'kuyendetsa chala pansi pa mzere uliwonse. Ndinadikira kuti anene. Ndinali nditakonzeka kumva kuti n'chachikulu, n'chonyansa, n'chamanyazi. Mlomo wawo, mbali yamoyo ija, unayamba kunjenjemera.

"Unapangiranji chabwino chonchi?"

"Amayi?"

"Ndimati sudzatha," anatero motsitsa. "Zija zinkandikanikadi, sindinkanama. Koma chilichonse chikagwa, mtima wanga unkakhala pansi. Ndinkati ndapuma sabata ina."

Ndinaika galasi patebulo. Mwezi wathunthu wa matuza, munthu akupempherera kuti ndilephere. Ndinafuna kukalipa.

"Ndikuopa, mwana wanga," anatero. Chibadwire sindinawamvepo akunena mawu amenewo. "Msewu wonsewu umandidziwa ndikuyenda chamsangamsanga, atsikana akundilephera. Lero andione ndikukoka mwendo, kukamwa kuli kumbali, malovu ndikupukuta ndi kansalu. Ayamba kundiyankhula mokweza ngati ndine gonthi."

Mkwiyo sunachoke wonse, koma unasowa pogwira. Sindinawanamize kuti palibe amene ayang'ane.

"Ayang'ana, amayi. Ena anena. Koma mwendowu ukuuma, ndipo inu munalonjeza."

Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako anatambasula dzanja lamanzere.

"Ndodo."

Ndinawapatsa. Anadzuka kachiwiri, koyamba atabwerera pampando. Kuchokera pabalaza kufika pachitseko ndi mapazi khumi, koma tinayenda ngati tikupita kutali. Ndinatsegula. Kunja mayi wina ankayanika zovala, anyamata a panjinga ankakangana pamphambano, ndipo onse anali asanatione. Amayi anaima pakhomo, ndodo ili kunja, mapazi ali m'kati. Ndinatambasula dzanja kuti ndiwagwire m'chiuno.

"Usandigwire," anatero. "Ingoyenda mbali iyi, yakufayi, kuti ndikagwa ndigwere pa iwe."

Ndinazungulira n'kuima kumanja kwawo. Anatulutsa phazi labwino, n'kupuma. Linalo linakana, linakola pachitsulo cha pakhomo. Anakoka kamodzi, kawiri, mano atakukuta, ndipo kachitatu linatuluka.