Siginecha ya Mayi Masamu

Ana asukulu ndiwo anawapatsa dzina loti Mayi Masamu, ndipo dzinalo linawakanirira mpaka amuna awo omwe ankawaitana choncho akafuna kuwacheza. Anali ataphunzitsa zaka makumi awiri ndi zitatu pasukulu ya pulayimale ya kuseri kwa msika, m'kalasi ya pangodya, ya zenera losweka lomwe anachita kulitseka ndi katoni. Za ndale analibe nazo ntchito. Anzawo akayamba kukangana za zipani pa nthawi yopuma, iwo ankangopitiriza kuchonga makope.

Chaka cha chisankho chitafika, bungwe loyendetsa zisankho linafuna aphunzitsi oti akagwire ntchito m'malo oponyera voti. Amene analemba dzina lawo anali alamu awo, achimwene a amuna awo. Alamuwo anali bwana ku ofesi ya maphunziro ya dera lonselo, ndipo pachisankhocho anapatsidwa udindo wolandira zotsatira za malo onse. M'banjamo mawu awo sankabwerera. Makolo atamwalira, ndiwo analera azing'ono awo onse, ndiwonso anatumiza amuna a Mayi Masamu kukaphunzira ukalipentala.

"Mlamu, ndakulembani," anatero tsiku lina atayima ndi galimoto pageti la sukulu. "Mukhala woyang'anira pasukulu panu pompano. Kuwonkhetsa ndiye kwanu."

Tsiku lovota, anakankhira madesiki kukhoma n'kuika mabokosi pakati pa kalasi. Malo awo anali aang'ono, moti dzuwa lisanalowe anali atayamba kale kuwerenga. Mayi Masamu ankanyamula pepala lililonse m'mwamba kuti oimira zipani alione, n'kuliika pamulu wake. Anawerenga kawiri, monga ankauzira ana. Mtsogoleri wa chipani chotsutsa anapeza mavoti 412, mtsogoleri wolamula anapeza 97. Analemba manambalawo, anasayina, oimira zipani anasayinanso, aliyense n'kutenga pepala lake. Lawo analipinda n'kuliika m'chikwama. Lalikulu analiperekeza okha pagalimoto ya apolisi mpaka kuholo yolandirira zotsatira, n'kulipereka m'manja mwa alamu awo.

"Mwagwira ntchito, mlamu. Kapumuleni."

Patapita masiku anayi, bungwe linalengeza kuti mtsogoleri wolamula wapambananso. M'mawa mwake telala wa pamsika, yemwe ankaimira chipani chotsutsa m'kalasi muja, anafika pakhomo pawo osaodira n'komwe. Anawalozetsa foni kumaso.

"Aphunzitsi, tandiwerengereni izi. Mwina ine sukulu inandichepera."

Chinali chithunzi cha pepala la zotsatira za pasukulu pawo, lomwe bungwe linatulutsa. Pa 412 panali 112. Pa 97 panali 397. Mayi Masamu anawonkhetsa mumtima, mwachizolowezi, ndipo anapeza kuti zonse pamodzi zikukwana ndendende ngati kale. Wochita zimenezi masamu ankawadziwa. M'munsi munali dzina lawo lonse, ndi siginecha yokhotakhota imene dzanja lawo silinalembepo chibadwire.

"Si ine ndinalemba izi."

"Dzinali ndi la ndani?"

Mlungu womwewo zionetsero zinayamba. Anthu anatseka msewu waukulu ndi miyala ndi matayala oyaka. Apolisi anabwera ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo tsiku lina utsiwo unalowa m'makalasi. Ana anathawa akulira, ena kusiya nsapato, ndipo sukulu inatsekedwa. Chithunzi chija chinayenda m'mafoni a tauni yonse. Lachisanu masana gulu la anthu ochokera kuzionetsero linakhotera kunyumba kwa Mayi Masamu. Miyala inagwa padenga ngati matalala. Iwo ndi amuna awo anagona pansi kuchipinda, akumva mawu a anthu amene ena mwa iwo anawaphunzitsa okha kugawa ndi kuchulukitsa. Gulu litapita anapeza pachitseko palembedwa ndi penti yofiira: WAKUBA MAVOTI.

Amuna awo anatenga zida zawo n'kuyamba kupala chitsekocho mpaka mawuwo anafufutika.

Mayi Masamu anapita kwa alamu awo. Anawapeza pakhonde, akupukutitsa galimoto.

"Alamu, pepala lija ndinakupatsani m'manja. Lasintha bwanji?"

"Khalani pansi, mlamu. Mwadya?"

"Andigenda, alamu. Andilemba pachitseko."

"Adzatopa. Anthu ndi mphepo, lero uku mawa uko. Inu khalani chete, musayankhe aliyense. Mukuganiza kuti ine ndinachita kufuna? Nanenso ndili ndi ondituma. Mbuzi imadya pomwe aimangirira."

"Nanga bwanji simunalembepo dzina lanu?"

Alamuwo anawayang'anitsitsa. "Mwayamba liti kundifunsa mafunso pakhomo panga?"

Chipani chotsutsa chinakasuma kukhoti, ndipo maloya ake anayamba kufunafuna mboni. Telala uja ndiye anawabweretsa. Mayi Masamu anatulutsa pepala lawo m'chikwama, loya analiyang'ana, analiyang'ananso, n'kufunsa ngati angakanene zimenezi pamaso pa oweruza.

Alendo atapita, amuna awo anatseka chitseko.

"Amayi, ndapota nanu. Achimwene anandilera. Malaya oyamba amene ndinavala anandigulira ndi iwo. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Ndamva, bambo. Nanga ine dzina langa ndi chiyani, ndi nsanza yopondapo? Ndikabwerera m'kalasi, mwana akaonera mayeso ndidzamuuza chiyani?"

"Simukawatchula?"

"Ndikanena za pepala langa basi."

Koma kukhoti munthu sasankha mafunso. Atafotokoza za manambala ndi za siginecha, loya anafunsa kuti pepala lenilenilo analipereka kwa ndani. Anayesa kunena kuti kwa bwana wolandira zotsatira. Loya anati bwanayo mumamudziwa? Mayi Masamu anayang'ana pansi, anayang'ana oweruza.

"Ndi alamu anga."

M'khotimo munamveka phokoso, ena kuseka, ena kuwomba m'manja mpaka oweruza anachita kukalipa. Madzulo ake mawu amenewo anali pawailesi iliyonse.

Kalata inabwera mlandu usanathe. Inati chifukwa cha kusowa kwa aphunzitsi, Mayi Masamu akusamutsidwira kusukulu ina, ulendo wa tsiku lathunthu pabasi ndi maola awiri wapansi. Inasayinidwa ndi alamu awo, ndipo siginecha imeneyo inali yawoyawo. Abale anasiya kubwera kunyumba. Azakhali a amuna awo, omwe ankabwera Lamlungu lililonse kudzadandaula za miyendo, anatumiza mawu akuti banja linalera njoka. Amuna awo sakanatha kusiya shedi yawo ya ukalipentala. Anawanyamulira matiresi mpaka kudepoti, anawamangirira pamwamba pa basi, n'kuima pomwepo manja ali m'thumba mpaka basi inanyamuka.

Kusukulu yatsopanoyo anawapatsa kachipinda komwe kale ankasungiramo mabuku. Kumeneko ndi kumene anamvera kuti khoti lafafaniza chisankho n'kulamula kuti chichitikenso. Kumeneko ndi kumenenso anavotera kachiwiri, ngati munthu wamba, ataima pamzere ndi makolo a ana awo. Wotsutsa uja anapambana. Tsiku lolumbiritsa, aphunzitsi onse anaunjikana pa kawailesi ka ahedi. Mtsogoleri watsopano anathokoza achinyamata amene anaguba m'misewu, anathokoza oweruza, kenako anati dziko silidzaiwala aphunzitsi olimba mtima amene ananena zoona pamene ena ankanjenjemera.

"Akunena inu, amayi!" anatero ahedi. "Yambani kulongedza. Inu ndiye akukupatsani ofesi."

Mayi Masamu anaseka, koma katundu analongedzadi. Ofesi sankaifuna. Ankangofuna kalasi yawo ndi nyumba yawo. Analemba kalata yopempha kubwerera. Mwezi unatha. Analembanso ina. Teremu inatha, ina n'kuyamba, ndipo anamasula katundu uja chifukwa ankafuna mapoto.

Kenako foni inalira ali m'kalasi. Anali mneba wawo. Anati amuna awo agwa m'shedi, afa ziwalo mbali imodzi, ndipo pakamwa papotoka. Anapempha masiku asanu kwa ahedi n'kunyamuka. Anawapeza atatuluka kale m'chipatala, atagona pamphasa, akuyang'aniridwa ndi aneba mosinthana. Munthu amene ankanyamula yekha chitseko paphewa tsopano sankatha kugwira kapu.

M'mawa mwake anapita ku ofesi ya maphunziro. Chithunzi cha mtsogoleri pakhoma chinali chitasintha, makatani analinso atsopano. Kalaliki anawauza kuti nkhani zosamutsa aphunzitsi tsopano zili m'manja mwa bwana wamkulu wa chigawo chonse, pamwamba, chitseko chachiwiri. Anakwera masitepe, n'kuwerenga dzina pachitsekocho. Anawerenganso kachiwiri. Kenako anatsika osagogoda.

Anakafuna telala uja. Pamsika panalibe makina ake, chifukwa tsopano anali khansala, ndipo anamupeza ku ofesi ya chipani atavala jekete lalikulu mapewa.

"Aphunzitsi athu! Ngwazi yathu! Tapatseni mpando."

"Alamu anga akutani pamwamba paja?"

Khansala anakanda m'mutu. "Aa, aphunzitsi, ndale ndi zina. Bwana aja anabwera kwathu kutatsala mlungu umodzi kuti tivotenso. Anatiululira njira zonse zimene anthu aja ankabera. Popanda iwo, mwina akanatiberanso. Ndi athu tsopano."

"Amene anasintha pepala langa."

"Zakale zimenezo. Mtsogoleri wanena kuti tisamakumbe manda, timange dziko."

"Amuna anga akudwala. Ndikungofuna kubwerera pasukulu panga."

"Zimenezo n'zosavuta, kalankhuleni nawo. Si alamu anu? Ife za m'banja sitilowerera."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anabwerera, anakwera masitepe aja, n'kugogoda. Alamuwo anali atanenepa. Anawalandira mwaulemu, anaitanitsa tiyi, anafunsa za ulendo. Za mng'ono wawo anati akudziwa, ndipo ndiwo anatumiza galimoto yomutengera kuchipatala.

"Kalata zanu ndinaziona, mlamu, zonse ziwiri. Kusayina si vuto, cholembera ndi ichi. Koma munandivula pagulu. Ana anga ankasekedwa kusukulu. Mubwere Loweruka kunyumba, abale akakhalepo, mudzapepese. Mukatero nkhani yatha."

"Ndipepese ine?"

"Nanga ndani?"

Masiku awiri otsatirawo Mayi Masamu anawatha akusambitsa amuna awo, kuwatembenuza, kuwamwetsa ndi sipuni. Anaganiza zosiya ntchito, koma zaka zopuma zinali zisanakwane, ndipo shedi inali itatsekedwa. Anaganiza zowatenga kupita nawo kusukulu kuja, n'kukumbukira maola awiri apansi aja ndi kutalika kwa chipatala. Anaganiza zopita kwa atolankhani, koma atolankhani anali atatanganidwa ndi nduna zatsopano. Loya uja anamuimbira katatu, foni inangolira.

Loweruka masana anavala diresi lawo la kutchalitchi. Pabalaza pa alamu awo panadzaza: azakhali, azilamu ena, akazi awo, ngakhale ana anaimirira m'makomo. Mpando wa iwo panalibe. Anagwada pakapeti, mawondo akulira.

"Ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa."

"Kwezani mawu, azakhali samva bwino," anatero alamuwo. "Munalakwa chiyani?"

"Ndinachititsa banja manyazi."

"Nenani kuti munanama."

Mayi Masamu anayang'ana maluwa a pakapeti.

"Sindinaname, alamu. Ndinalakwa kunena."

Alamuwo anaseka, chiseko chachikulu cha munthu wokhuta. "Mwamva aphunzitsi? Mpaka pano akuchongabe. Chabwino, n'chimodzimodzi. Dzukani, mlamu. Lolemba mudzatenge kalata yanu."

Akazi a alamuwo anabweretsa zakumwa. Azakhali anawagwira dzanja n'kunena kuti mwaona, mwana wanga, kudzichepetsa sikupha munthu. Wina anayamba nkhani ya mitengo ya zinthu, ndipo onse anailowerera mosangalala, ngati anthu amene atula katundu. Mayi Masamu anamwa theka la botolo chifukwa kukana kukanakhala mlandu wina.

Anabwerera wapansi. Mumsewu waukulu munali mudakali mabala akuda pomwe panapsera matayala, ndipo minibasi zinkangodutsapo. Atafika anathokoza mneba amene anatsala ndi wodwala, n'kulowa kuchipinda. Amuna awo anali maso. Anayang'ana diresi lija, anayang'ana nkhope yawo, ndipo milomo inavutika nthawi yaitali mawu asanatuluke.

"Mwa... gwa... da?"

"Ndagwada, bambo."

Bamboyo anakoka thupi ndi dzanja lamoyo lija mpaka anatembenukira kukhoma. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Mayi Masamu anavula diresi, analipachika pamsomali, n'kupita kukatereka madzi osamba.