Kuseri kwa Kakhadi

Koma dzulo lomweli ankalidziwa liwu limeneli, ankalidziwa bwinobwino, nanga lero lalowera kuti? Aphunzitsi anatembenuza kakhadi, kamodzi mwa timakhadi ta m'chitini cha mabisiketi tomwe analemba okha atapuma pantchito, kutsogolo liwu la Chingerezi, kuseri tanthauzo lake, ndipo anawerenga katatu: thimble, kachitsulo kovala kuchala posoka. Ha! Kanthu komwe atelala, mnzawo wa masewera opanga mawu a Chingerezi, sakavula ngakhale pakudya. Anaseka, koma kusekako sikunakhalitse.

Mantha anali nawo, asaname. Mwana wawo wamkazi anali atafika m'mawa, ati kudzangowaona, kudzangowaona chiyani pomwe maso ake anali pa ketulo yopserera ija, pa makiyi omwe anawapeza m'mbale ya shuga, ndipo paja ananena kale, mwaulemu wake wobaya uja, kuti akadzaona mutu wayamba kutaya zinthu adzawatenga akakhale kwake. Kwake! Kukachipinda kakuseri, kusiya nyumba ino, mpando uwu, zenera lomwe malemu akazi awo ankakhalapo. Ketulo aliyense amapsereza. Kapena si aliyense? Kapena atelala ndiwo anamuimbira foni mwanayu, inde, Lachinayi lija anawayang'ana nthawi yaitali... ayi, kumuganizira zoipa munthu wa zaka makumi awiri akubwera pakhomo pano, manyazi bwanji.

Itakwana 3 koloko atelala anafika, nayala bolodi patebulo, nakhutchumula kathumba ka zilembo. Mwana uja anakhala pambali ndi kapu ya tiyi yomwe sankamwa.

Lamulo analiika ndi iwo omwe, Aphunzitsi, kalekale mutu uli gwa: woika liwu pabolodi anene tanthauzo lake, akalephera abweze zilembo. Ankanyoza anthu oloweza mawu opanda kudziwa chomwe akunena, ankati amenewo ndi zinkhwe, ndipo atelala, omwe anabwezedwa zilembo kosawerengeka, sanaphonyepo ndi tsiku limodzi lomwe kufunsa, chala m'mwamba, mano onse pamtunda: “Tanthauzo, Aphunzitsi?”

Ndiye Aphunzitsi anasewera mochenjera, timawu tating'onoting'ono ta ana a sukulu, tosachititsa manyazi, mpaka zala zawo, zala zopusazi, zinaona zomwe mutu sunaone, zinatola zilembo zonse zisanu ndi ziwiri n'kuziyala pabolodi mwakamodzi. Thimble. Liwu lokongola, loona, la m'chitini mwawo momwe. Anafuna kulitembenuza m'mutu monga amachitira ndi kakhadi, ndipo linatembenuka ndithu, koma kuseri kunali koyera. Mbalame kodi? Mtundu wa nsalu? M'mawa mommuno analiwerenga katatu, akukumbuka kuti anaseka, koma chomwe chinawaseketsa n'chiyani, Mulungu wanga, n'chiyani? Anadikira funso lija ngati mwana wodikira chikwapu.

Silinabwere.

“Mwaphatu apa,” anatero atelala, mawu ali pansi, akulemba mapointi osadzutsa mutu.

“Simunafunse.”

“Aa, tonse tikulidziwa limeneli.”

“Funsani!”

“Bambo, tiyi wanu akuzizira,” anatero mwana uja.

Ndiye kuti akudziwa, onse awiri, mwina anadziwa kale iwo asanadziwe, ndipo chisoni chawochi chinawapweteka kuposa kubwezedwa zilembo, chifukwa wobwezedwa zilembo amakhala adakali m'masewera. Aphunzitsi anafuna kukalipa, kugubuduza bolodi. Atelala anagogoda patebulo pang'onopang'ono, kawiri, ndi kachitsulo ka kuchala kwawo kaja, ngati munthu wogogoda pakhomo pa wodwala. Mwana uja anakayang'ana kachitsuloko, kenaka anayang'ana bambo ake, maso atadzaza misozi, milomo ikunjenjemera ngati akufuna kuwanong'oneza kanthu.

Aphunzitsi nawo anakayang'ana. Kanali kung'anima padzuwa la pazenera, kakang'ono, kodzaza timaenje, ndipo sanamvetse chifukwa chomwe anthu awiri akuluakulu angalirire kanthu kotere.