Ng'ala Yachoka, Makina Anga Atsala

Ndinasoka diresi la mayi wina nsalu nditaitembenuza. Maluwa onse anapita m'kati, kunja kunatsala mbali yotuwa ija. Ine sindinaone. Mwini wake atabwera kudzatenga, analikweza m'mwamba pakhonde la sitolo pomwe ndimasokera, kuti msewu wonse uone.

"Mayi Telala, ichi ndikavale kuukwati kapena ndizikolopera?"

Anthu anaseka. Ndasoka pakhonde limeneli kuyambira ana anga ali kumsana, sindinasekedwepo chotero. Koma maso anga anali atachita nkhungu. Nkhope za anthu ndinkaziona ngati zili kuseri kwa utsi. Dzuwa likawala kwambiri ndinkangoima ngati chitsa.

Mawa lake pakhondepo anatulukira alamu anga, akulu awo a malemu amuna anga. Munthu amene pa matenda a m'bale wake sanabweretse ngakhale sopo.

"Mlamu, tamva," anatero. "Maso atha basi, ndi ukalamba umenewo. Makinawa anagula ndi mng'ono wanga, ndiye asachite dzimbiri. Ndidzabwera ndi wilibala, mwana wanga aziphunzirirapo."

"Anagula ndi mng'ono wanu? Munalipo? Miyendo imene yapalasa makinawa zaka zonsezi ndi yanu?"

"Musapse mtima. Kapena mukuganiza za kuchipatala? Kumeneko diso amalikolowola, n'kuliika m'mbale. Ena amabwerako ndi la mbuzi."

Atachoka ndinatsala ndi ukali. Makina amenewo ndiwo amandidyetsa, ndiwo amandisungira denga. Mkazi wamasiye ukalandidwa chogwirira ntchito watsala n'kupempha, ndipo ine kukapempha kwa alamu ayi.

Pafupi ndi pomwe ndimasokera pali kanyumba kometera. Mwini wake timangoti a Dazi, chifukwa amameta anzawo koma iwo pamutu palibe choti n'kumeta. Anamva zonse.

"Mayi Telala, tayandikirani," anatero. "Diso ili anandipanga opaleshoni chaka chatha. Ndi la mbuzi? Munandimvapo ndikulira mee?"

"Za mbuzizo n'zopusa, ndikudziwa. Changa n'china. Ine ndine wosoka. Nsalu yopyapyala ukaidula n'kuisoka imakwinyika, siibwereranso mwakale. Nanga diso? Singano ndimaidziwa ine. Munthu asandisoke diso."

"Safunsa anadya phula. Kafunseni eni ake ntchito. Akakuuzani zosoka, mubwereko, ndikumetani ulere mpaka kufa."

"Mumete alamu anga, ndi lumo lobuntha."

Ndinapita kuchipatala ndi mwana wanga wamkazi. Anamwino a maso anandiunika ndi katochi, n'kundiuza kuti ndiwerenge zilembo za pakhoma. Ndinati khomalo ndikuliona, zilembo ayi.

"Ndi ng'ala, mayi," anatero. "Ili m'maso onse awiri, koma lakumanja ndiye lapitirira."

"Ndiye mundisoka?"

Sanandiseke. Anakoka mpando n'kukhala pafupi.

"M'kati mwa diso la munthu aliyense muli kagalasi koyera. Tikamakula kamachita mbuu, ndiye ng'alayo. Mankhwala odontheza sangaichotse, zitsamba sizingaichotse. Adokotala amatsegula pang'ono m'mbali mwa diso, amachotsa kagalasi kakudako, n'kuikamo katsopano kochita kupanga. Diso silichoka pamalo pake. Potsegulapo ndi pang'ono, nthawi zambiri pamatsekeka pokha."

"Nthawi zambiri? Nanga nthawi zinazo?"

"Nthawi zina amaikapo kaulusi kamodzi, kopyapyala kuposa tsitsi. Sindikunamizani. Koma diso si nsalu, mayi. Nsalu siipola. Diso limapola."

Anandiuzanso kuti amayamba diso limodzi, linalo limadikira loyambalo lipole. Anandiyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, anayezanso diso kuti apeze kagalasi kondikwana. Izi ndinazimvetsa. Nane sindidula nsalu ndisanamuyeze munthu.

Tsiku la opaleshoni sanandigonetse tulo. Anandidontheza mankhwala, kenako jakisoni wa dzanzi pambali pa diso. Ameneyo anandiluma pang'ono, sindibisa, koma kanthawi kochepa. Anandifunditsa nsalu kumaso, kusiya diso lokhalo. Ndinkaona kuwala, ndinkamva timadzi tozizira ndi kukanikiza pang'ono. Ululu ayi.

"Mutu musagwedeze," anatero adokotala. "Mukafuna kutsokomola, nenani."

Ine ndinkadikira kuti ayambe zenizeni. Ndinangomva, "Tatha, mayi." Siketi imanditengera nthawi yaitali kuposa pamenepo.

Anandimata diso ndi bandeji, m'mawa mwake anaichotsa. Poyamba kunali mbee, misozi ili chuchuchu. Kenako ndinaona nkhope ya mwana wanga. Ndinaona kuti wayamba imvi, mwana amene ndinabereka ndekha. Ndinaonanso bulauzi imene anavala.

"Kolala yokhota chonchi anasoka ndani?"

"Inuyo amayi, mwezi watha. Ndinkaopa kukuuzani."

Anamwino anaseka, kenako anandiuza mosanyengerera. Mankhwala odontheza nditsate nthawi imene andiuza, nditasamba m'manja, ndipo botololo ndi langa ndekha, losabwereketsa. Diso ndisatikite ngakhale liyabwe ngati muli mchenga. Madzi a sopo, utsi ndi fumbi zisalowemo. Ndisanyamule zolemera. Pogona ndizivala kotchingira kamene anandipatsa. Ndipo ululu ukakula, diso likafiira kwambiri, likayamba kutuluka mafinya kapena kuona kukabwerera m'mbuyo, ndithamangire kuchipatala tsiku lomwelo, osadikira tsiku lobwereza.

"Nanga kusoka?"

"Pakhonde panu pali fumbi la msewu. Dikirani tikuoneninso, tikuuzani. Mwinanso mudzafuna magalasi oonera pafupi. Zimenezo zisakudabwitseni, si kuti opaleshoni yalephera."

Kudikirako ndiye kunali kowawa kuposa jakisoni. Makina anali pakona m'nyumba, nditawafunditsa. Miyendo inkandiyabwa. Ndipo alamu anasankha nthawi yomweyo. Ndili pakhomo, nditavala magalasi akuda otchinga dzuwa, ndinawaona akukhota pamsewu ndi wilibala yawo. Kale ndikanawazindikira atafika pamphuno.

"Mwaona?" anatero. "Mwapita kuchipatala, mwabwerako ndi magalasi a akhungu, makina ali chigonere. Ndinanena ine."

Mtima unati vundukula makinawo, usoke pomwepo aone. Koma ndinati ayi, sindiwononga diso langa chifukwa cha munthu uyu. Ndinangovula magalasi aja n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Alamu, malaya anu mabatani mwalumphitsa. Sokosi ina ndi yakuda, ina ndi yabuluu. Tayandikirani kuno."

Anayandikira. Pakati pa diso lawo lakumanzere panali mbuu, ngati dontho la mkaka.

"Kodi inu, mwayamba liti kuona nkhungu?"

Anagwira wilibala, anaisiya. Kenako anafunsa ndi mawu otsika, mawu amene sindinawamvepo kwa iwo.

"Mlamu, zimapweteka?"

Munthu ameneyu ankandiopseza ndi mantha ake omwe! Ndinafuna kuwalalatira mpaka madzulo. Ndinawalalatira pang'ono, sindinama. Kenako ndinawauza zonse monga ndakuuzirani inu.

"Kuchipatala ndikuperekezani, chifukwa ndinu atate aakulu a ana anga. Koma makina awa sachoka. Wilibala yabwera yopanda kanthu, ibwerere yopanda kanthu."

Inabwerera choncho.

Atandionanso kuchipatala anandilola kuyamba ntchito. Magalasi oonera pafupi ndinawapeza. Diso lachiwiri anapanga loyamba litapola. Lero ndili pakhonde langa, makina akulira, makasitomala abwerera. Alamu anapita kuchipatala, anawachotsa ng'ala yawo, ndipo nkhani ya makina sanaitchulenso.

Tsono ndimvereni, makamaka inu amayi anzanga amasiye. Maso akayamba nkhungu musati ndi ukalamba basi n'kukhala pansi. Musadonthezemo zitsamba kapena mankhwala a mnzanu. Musamvere munthu amene sanalowepo m'chipinda cha opaleshoni. Pitani akakuunikeni, funsani chilichonse chimene chikukuopsani, ndipo akakupangani tsatirani zimene akuuzani. Si nkhungu iliyonse imene ili ng'ala, n'chifukwa chake muyenera kuyezedwa msanga. Koma ikakhala ng'ala, imachoka. Ukakhala m'nyumba n'kumadikira khungu, pali anthu amene akudikira nawe limodzi, ndipo sakudikira kuti akuthandize.