Kompuresa ya M'galaja

Atapuma ntchito yoyendetsa mabasi, a Sipanala anasandutsa galaja yawo kukhala malo oseweretsa zitsulo. Dzinali anawapatsa ndi akazi awo, poti sipanala sinkachoka m'thumba la malaya awo.

Chaka chimene mayiwo anayamba kuyenda pa njinga ya olumala, matayala ake ankaphwa sabata iliyonse, ndipo pampu ya manja inkawadzutsira a Sipanala phewa lomwe linavulala kale. Ndiye anaganiza zopanga kompuresa, kamakina kopopera mpweya. Anamasula mota pa firiji yakufa. Botolo lachitsulo lozimitsira moto analitsuka kuti likhale thanki. Tizitsulo tolumikizira mapayipi anasema okha pa makina awo, ndipo tiwiri toyamba tinatuluka topotoka.

Koma kuwotcherera sankatha. Anaitana alamu awo, mlongo wake wa mayiwo, amene ntchito yawo inali yomweyo.

"Alamu, zinthu izi anzanu amangogula," anatero alamuwo akuvala magalasi akuda.

"Zogulazo zimalira ngati chigayo. Mota ya firiji imangong'ung'udza. Alongo anu phokoso limawapweteketsa mutu."

Atamaliza kuwotcherera, anayamba ayesa thankiyo ndi madzi kuopa kuti ingawaphulikire. Inapirira. Anaiumitsa, namanga zonse pathabwa, nayatsa. Muvi wa geji yoonetsa mphamvu ya mpweya unakwera bwinobwino. Atazimitsa, unayamba kutsika pang'onopang'ono.

"Ndi tizitsulo tanu tosema tija," anatero alamuwo.

"Kapena ndi pamene mwawotcherera."

Anapaka thovu la sopo polumikizira paliponse, koma panalibe pomwe thovulo linafufuma. Mkangano unafika masana, aliyense akuloza ntchito ya mnzake.

Mayiwo anali pakhomo la galaja nthawi yonseyi. Anagwirapo ntchito ya unamwino zaka makumi atatu.

"Bambo, kanditengereni chomvetsera pamtima chija mudilowa yanga. Inu achimwene, zimitsani wailesiyo."

A Sipanala atabwera nacho, anawakankhira pafupi ndi tebulo. Mayiwo anavala chipangizocho m'makutu, nayamba kuchiyendetsa pa thanki, pa payipi, mpaka kuseri kwa geji. Apo anaima.

"Wodwala wanu ndi uyu. Akupumira kumsana."

Gejiyo inali ndi kamng'alu kosaoneka, pamalo pomwe sopo sanafike. Amuna awiriwo sanayang'anane. Alamu anapita kugalimoto yawo nabwera ndi geji ina yakale yomwe inkangogubuduzika m'bokosi la zida. Ataimanga, muvi unakwera n'kukhala pomwepo.

A Sipanala anagwada, napopa tayala lakumanzere, kenako lakumanja. Sizinatenge mphindi imodzi. Mayiwo anadziyendetsa okha kutuluka m'galaja, nazungulira pabwalo la simenti, nabwerera.

"Zili bwanji, mayi?"

"Mwalimbitsa kwambiri. Kamwala kalikonse ndikukamva m'chiuno. Phwetsaniko pang'ono."

A Sipanala anatenga msomali nadina valavu ya tayala, alamu awo akuwerenga mpaka katatu.