Paipi Yobwerera Kuthanki

Jeke yodindira fodya inalira yokha tsiku lachitatu chiikireni maliro a Aloysius Mphepo. M'chigafa munalibe munthu, injini inali yozima, koma chitsulo chake chinatsika pang'ono n'kubuula ngati ng'ombe yodwala. Amayi amene ankatongola chimanga pakhonde anasiya kuyankhula.

"Malemu akumaliza ntchito yawo," anatero mmodzi chapansipansi.

"Ndi oyilo akutsikira m'thanki basi," anatero a Jeremiya, akulu awo a malemuwo. Komabe ananyamula mpando wawo n'kukauika kuseri kwa mtengo wa mango.

A Jeremiya anali wapampando wa komiti yolemba maina a olandira makuponi a feteleza kwawo ku Chamama, ndipo ankavala tayi ngakhale pokayendera mbuzi. Kale anagwirapo ntchito pa esiteti, yosunga makiyi a thirakitala. M'kupita kwa zaka, kusunga makiyiko kunakula m'kamwa mwawo mpaka kunasanduka umakaniko.

Jekeyo Aloysius anaipanga yekha, ndi pampu ya thirakitala yakufa komanso injini ya chigayo. Kwina anthu anayi ankapukusa jeke ndi manja, thukuta lili kamukamu. Pano munthu ankangokoka chogwirira, belo n'kudindika. Vuto linali limodzi: dzuwa likafika paliwombo oyilo ankatentha n'kupyapyala ngati madzi, jeke n'kufooka. Nchifukwa chake Aloysius, chifuwa chitamugwira kale, anapita ku Lilongwe kukagula choziziritsira oyilo, kabokosi ka timapaipi topyapyala kokhala ndi fani. Anamwalira asanachilumikize.

Mmawa umenewo a Jeremiya anali atanena kale maganizo awo: jeke ipite ku Chamama.

"Nanga alamu anu ana awadyetsa chiyani?" anafunsa Tsoka, mlongo wake wa Jane, mkazi wa malemu. "Alimi asanu ndi mmodzi asiya fodya wawo muno. Lole ya ku okushoni ibwera Lachisanu."

"Makina si mtondo, achimwene, woti aliyense n'kusinjamo. Amafuna mutu."

"Chabwino. Akhale ndi amene angawayendetse."

A Jeremiya anavomera msanga, akukonza tayi.

Jane anamva zonsezi ali pamphasa, pakhomo la nyumba. Anali mayi wamfupi, ndipo atafunda chitenje kumutu ankaoneka ngati mtolo wa zochapa. Maliro anali asanametedwe. Mpaka tsiku lometa, namfedwa sayankhula pabwalo la amuna, sakhudzanso zida za malemu. Koma palibe mwambo umene unamuletsa kuona, ndipo kuchokera pamphasapo m'chigafa munkaoneka monse.

Dzuwa litapendeka, a Jeremiya anavula jekete, napinda malaya mosamala, nanyamula choziziritsiracho ndi dzanja limodzi.

"Mng'ono wangayu analinso ndi kaumbombo. Kanthu aka? Ine ndikanaika redieta ya lole. Chachikulu n'chachikulu basi."

"Ankati redieta ndi ya madzi," anatero Tsoka. "Akuti oyilo ndi wolemera, amafuna njira yakeyake."

"Munawerenga kuti zimenezo?"

Tsoka anakanda m'mutu. Sanawerengepo chilichonse chiyambire.

Panali mapaipi awiri. Ina inali yakuda, yolimba, yolukidwa ndi mawaya m'kati, yochokera kupampu kupita kujeke. Inayo inali yofewa, yonenepa, yobwerera kuthanki, ndipo pakati pake panali pomangidwa kansanza kofiira. A Jeremiya anakayang'ana kansanzako, nakakankhira pambali ndi sipanala, n'kuyamba kumasula paipi yakuda ija.

"Moto umauzimitsa pomwe wayambira," anauza amuna amene anasonkhana pakhomo la chigafa. "Oyilo amatenthera m'pampu. Ndiye akangotuluka, tim'gwire pomwepo. Nzeru zimenezi kusukulu kulibe."

Amunawo anagwedeza mitu. Ena mwa iwo anali a ku Chamama, ndipo maina awo anali asanalembedwe pa makuponi chaka chimenecho.

Jane anagwira m'mphepete mwa mphasa. Zaka khumi ndi zinayi anakhala akupatsira mwamuna wake masipanala. Ankachidziwa chipsera cha pamkono wa Aloysius, pamene oyilo anatuluka pakabowo kochepa ngati ka singano n'kulowa m'mnofu, mkono n'kutupa ngati mtsamiro mwezi wathunthu. Oyilo wa m'paipi yakudayo ankakankha chitsulo chofinya fodya wa makilogalamu zana. Timapaipi ta m'kabokosi kaja munthu akanatha kutiphwanya ndi chala chachikulu.

Akakhala chete, kabokosi kaphulika, a Jeremiya achita manyazi pamaso pa mudzi wonse, ndipo jeke itsala pakhomo pano. Akayankhula, aphwanya mwambo, komanso awapatsa alamu akewo nzeru yokhayo imene ikuwasowa, jeke n'kupita ku Chamama pangolo.

Anakhalabe pamphasapo. Anamva sipanala ikulira, kenaka kulira kwake kunaleka.

"Tsoka, pukusani injini. Ine ndimvetsere kayendedwe ka oyilo."

A Jeremiya anagwada, anthu akuona, natsamiritsa tsaya lawo pakabokosi paja ngati dokotala womvera chifuwa cha mwana. Diso lawo lamanzere linali pafupi penipeni ndi timapaipi tija. Tsoka analavulira m'manja, nagwira chopukusira. Injini inatsokomola kamodzi. Inatsokomolanso.

"Achimwene, siyani!"

Tsoka anasiya. Jane anali ataimirira pakati pa bwalo, chitenje chakumutu chitagwera m'fumbi. Kukhonde mayi wina anati, "Mayo ine," n'kugwira pakamwa.

"Alamu," anatero a Jeremiya, akadali chogwada, "mwaiwala kuti muli pamphasa?"

"Sindinaiwale. Koma maliro awiri sabata imodzi ine sindingathe. Nkhuni zatha."

Analowa m'chigafa, natola sipanala, nagwira kansanza kofiira kaja.

"Aka n'ka chitenje changa. Malemu anamanga okha, kuti podula ndi apa. Chimenechi chimakhala panjira yobwerera, oyilo atagwira kale ntchito, mphamvu zitam'thera. Bambo a ana ankati munthu sum'patsa madzi ali pa liwiro. Umadikira abwere kaye kunyumba."

Anabwezera paipi yakuda m'malo mwake, naimanga mpaka mitsempha ya m'khosi inaonekera. Anadula yofewa ija pa kansanza, nalumikiza mbali yochokera kujeke pansi pa kabokosi, yopita kuthanki pamwamba, kuti mpweya usatsalire m'kati. Fani anaitembenuzira kunja, kumene kunalibe fodya. Palibe anam'thandiza, palibenso anam'letsa.

"Ndi zomwe ndimafuna kuchita," anatero a Jeremiya, akusasa fumbi m'mawondo. "Poyamba ndimangoyesa. Pukusani, Tsoka. Belo loyamba ndidinde ine mwini makina."

Injini inadzuka. Fani inazungulira. A Jeremiya anaima pamalo a woyendetsa, natambasula dzanja kuti agwire chogwirira, koma anagwira mphepo. Anayang'ana pansi. Chogwiriracho chinali m'munsi, cha m'ntchafu mwawo, moti kuti achikoke anayenera kuwerama ngati munthu wofuna ndalama yotayika, tayi ili lendelende pafupi ndi lamba wa injini.

"Chaka chatha chinali apa," anatero Tsoka, akuloza m'mwamba. Pamenepo panali chipsera cha sowo. M'munsimo powotcherera panali patsopano, dzimbiri lisanagwirepo, ndipo mzere wake unali wokhotakhota ngati wa munthu wodwala. "Ndimadabwa kuti mwezi watha uja malemu amagogoda chiyani muno, munthu wosatha ngakhale kumaliza phala."

A Jeremiya anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anaweramuka, nachotsa tayi pafupi ndi lamba, nayang'ana wotchi yawo imene inaima kalekale.

"Ndili ndi msonkhano wa komiti," anatero. Anatenga jekete, koma sanachoke. Anangosuntha n'kukaima kumbuyo kwa amuna ena.

Jane anapukuta manja m'chitenje, nafika pamalo paja. Sanatambasule mkono, sananyanyamphirenso. Anangotsegula dzanja, ndipo chogwirira chinali pomwepo.